Kodi antchito azaumoyo amene analembedwa nthawi ya mliri ankaidziwa ntchito?

"Ndimakhala ku East Bank m'boma la Chikwawa ndipo ndakhala mu komiti ya chipatala chathu chaching'ono kwa zaka 6. Nthawi ya Covid-19, komanso kolera itavuta mu 2022, kunabwera antchito atsopano. Ena anali akhama, koma mmodzi analephera kumuika diripi mdzukulu wanga mpaka tinachita kukadzutsa namwino wakale pakati pa usiku. Anthu amati ena mwa iwo analowa ntchito chifukwa ndi abale a akuluakulu a ku boma. Chonsecho mwana wanga wamkazi anamaliza sukulu ya unamwino, chiphaso ali nacho, koma ali pakhomo kugulitsa tomato. Tsiku lina wina anamuimbira foni kuti atumize ndalama kuti dzina lake lituluke. Kodi boma limalemba bwanji anthu nthawi ya mliri? Tingadziwe bwanji kuti munthu ndi woyenera? Nanga ife a komiti tingachitepo chiyani mliri wina usanatipeze?" Bambo wa ku East Bank

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndikhulupirira mdzukulu uja anachira bwinobwino. Ndiyambe ndi nkhani ya diripi, chifukwa ndikuona kuti ndiyo ikukupwetekani mumtima.

Ndagwira ntchito m'zipatala za kuno kuchigwa cha Shire kwa zaka zoposa 20, ndipo ana akolera ndawagwira ambiri. Mwana akatsegula m'mimba kwambiri madzi n'kumuthera m'thupi, mitsempha yake imaphwa. Umamanga kampira pamkono, kusisita, kumenyamenya ndi chala, kuunika ndi tochi ya foni, koma mtsempha osaoneka. Ngakhale amene tachita zimenezi kwa zaka zambiri nthawi zina timabaya kawiri kapena katatu tisanaupeze. Choncho kulephera diripi usiku umodzi pa mwana wotero si umboni woti munthuyo sanapite kusukulu kapena kuti analowera pawindo. Chimene ndikanakonda kudziwa ndi zimene anachita atalephera. Kodi anavomera msanga n'kunena kuti kaitaneni anzanga? Kodi podikirapo anayamba kumumwetsa mwanayo Thanzi, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, ndi supuni, pang'onopang'ono, kapena kumuika kachubu ka m'mphuno kuti madzi azilowa? Ngati anatero, ameneyo ndi wantchito wabwino amene manja ake sanakhwime chabe. Koma ngati anangopitiriza kubaya osafuna kuitana wina poopa manyazi, kapena anakusiyani n'kukakhala pansi, pamenepo vuto lilipo. Ndipo funso lina limene sitilifunsa kawirikawiri ndi lakuti: ndani anaika munthu watsopano yekhayekha pa ntchito ya usiku, m'nyengo ya kolera, popanda wamkulu pafupi? Nthawi zambiri cholakwa chimagona pamenepo.

Tsopano kalembedwe ka ntchito. Antchito a m'zipatala zazikulu za boma, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, amalembedwa kudzera ku Health Service Commission. A m'zipatala za m'maboma ndi zazing'ono ngati chanucho ali pansi pa khonsolo, ndipo kulemba kwawo kumadutsa ku Local Government Service Commission. Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, zimasankha zokha antchito awo ngakhale boma limathandiza pa malipiro. Ndiye palinso mabungwe othandiza, amene mliri ukabuka amalemba anthu pa kontirakiti ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi n'kuwatumiza kumisasa. N'chifukwa chake pa chipatala chimodzi mungapeze anthu ovala yunifolomu yofanana koma mabwana awo osiyana, ndipo amene akuyang'anira chipatalacho nthawi zina amangoona munthu watsika pa kabaza ndi chikwama ndi kalata m'manja, osadziwa kuti anayesedwa bwanji. Njira yoyenera, pa nthawi ya mtendere, imatenga miyezi: kulengeza ntchito, kulandira makalata, kusankha oyenera kuyesedwa, kuwayesa, kuona ziphaso zawo, kenako kuwatumiza. Mliri sudikira zonsezo.

Mukumbukira mmene zinalili mu 2020. Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 March, ndipo pa 2 April anthu oyamba atatu anapezeka ndi Covid-19. Mwezi womwewo madokotala ndi anamwino ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo, ndipo boma linalonjeza kulemba antchito azaumoyo 2,000. Mu June chaka chomwecho kunaitanidwa mayeso a ntchito oti aliyense angofika pamalo ndi mapepala ake. Achinyamata anakhamukirako miyandamiyanda, moti ku Mzuzu anthu anapondana ambiri n'kuvulala. Tangoganizani: matenda ofala m'chigulu, ife n'kusonkhanitsa chigulu kuti tipeze olimbana nawo. Pa khamu lotero woyesa amakhala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu pa munthu mmodzi. Sungadziwe manja a munthu pa mphindi zitatu. Umangoona satifiketi ndi nkhope.

Sindikunena kuti kufulumira kunali kulakwa. M'zipatala zathu mipando yambiri inali yopanda anthu kale mliri usanabwere, ndipo January 2021 atafika tonse tinaona chimene kuchepa kwa antchito kumatanthauza. Tsiku limodzi, pa 12 January, tinataya nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, amene kuno kuchigwa aliyense ankawadziwa. Panthawi yotero munthu aliyense wodziwa kutsegula silinda ya mpweya anali wofunika. Koma pofulumirapo pali zinthu zimene siziyenera kugwera panjira, ndipo m'kuona kwanga zimene zimagwa ndi zomwezomwezo nthawi zonse.

Choyamba kugwa chimakhala kuyesa manja. Ndinakhalapo pa gulu loyesa anthu ofuna ntchito, ndipo mnzanga wina, mayi wachikulire amene anapuma ntchito tsopano, ankakana kuti tizingofunsa mafunso a pakamwa. Ankabweretsa ndowa ziwiri, kabotolo ka kolorini wa ufa ndi supuni, n'kuziika pakhonde. Wofuna ntchito akalowa ankamuuza kuti, "Tandisungunulira osamba m'manja ndi otsukira zimbudzi za wodwala kolera." Amene akuidziwa ntchito amadziwa kuti madzi osamba m'manja ndi ofooka kwambiri, 0.05 peresenti, opukutira pansi ndi mabedi 0.2 peresenti, pamene othira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala ndi amphamvu, 2 peresenti. Ukasokoneza, ukhoza kusupula anthu manja, kapena kusiya tizilombo tamoyo mu ndowa imene wina akataye kuseri kwa tenti. Ndinaona mnyamata wa mapepala okongola akutuluka thukuta pa ndowa zija, ndipo ndinaonanso mtsikana wamanyazi, wolankhula motsitsa, akufunsa kaye kuti, "Kolorini ameneyu ndi wa mphamvu yanji?" asanagwire supuni. Funso limenelo lokha linatikwanira. Mayeso amenewa sankatenga nthawi yoposa mphindi 10. Ngakhale pa mliri, mphindi 10 zimapezeka.

Chachiwiri ndi chimene ndanena kale, kumuika watsopano pambali pa wakale. Mlangizi wa zaumoyo kale ankaphunzira masabata 12 asanayambe kuyenda m'midzi. Pa changu ena amayamba ntchito maphunzirowo asanachite, akungomva kuti adzapita ndalama zikadzapezeka. Munthu wotero umupatsa bokosi la katemera kuti apite nalo kutsidya pa bwato m'mwezi wa October, dzuwa la kuno mukulidziwa, limadutsa madigiri 40. Ngati sanauzidwe kuti katemera amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo bokosilo silitsegulidwa chisawawa kapena kusiyidwa padzuwa, adzabaya ana mudzi wonse ndi mankhwala amene mphamvu yatha, iye ali wosangalala kuti wagwira ntchito. Si wakuba, si waulesi. Palibe amene anayenda naye ulendo woyamba.

Tsopano za chibale, zimene anthu akunong'onezana kwanuko. Sindikubisirani, zimachitika. Ndinakhalapo m'chipinda choyesera anthu pamene foni ya wapampando inalira katatu, ndipo madzulo ake pa ndandanda panaoneka dzina la munthu amene sitinamuone ndi maso. Awiri tinakana kusaina mpaka dzinalo linachotsedwa, koma ndikudziwa kuti si kulikonse kumene anthu amakana. Mliri umapatsa mpata anthu otere chifukwa aliyense amaopa kufunsa, kuti angamunene kuti akuchedwetsa ntchito anthu akufa. Kuipa kwake sikuthera pa munthu mmodzi wosayenera. Namwino wakale akaona kuti watsopanoyo sangadzudzulidwe chifukwa ali ndi msana ku boma, amasiya kumuphunzitsa, amasiya ngakhale kumulemba pa ntchito zovuta, ndipo katundu yense amabwerera pa anthu awiri atatu omwe aja mpaka atatopa.

Komabe, Bambo, samalani ndi mphekesera. Kukhala m'bale wa bwana si mlandu ngati munthuyo ali ndi chiphaso ndipo anapambana mayeso mwachilungamo. Ndaonapo achinyamata osalakwa akunenedwa kuti analowera kuseri chifukwa choti dzina la bambo awo likufanana ndi la mkulu wina, kapena chifukwa choti ndi ochokera kumtunda ndipo Chisena sachimva. Inu a komiti mukayamba kunena za chibale popanda umboni, mudzataya ulemu umene muli nawo, ndipo mawa mukadzabwera ndi dandaulo lenileni sadzakumverani.

Nkhani ya luso siyithera pa amene amagwira jakisoni. Pamwamba pawo pali amene amagula zipangizo, amene amawerenga odwala n'kutumiza malipoti, ndi amene amagawa ndalama. Kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni za Covid-19 atatuluka mu April 2021 anaonetsa kusakazidwa kwa ndalama pa maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, moti Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ndipo anthu angapo anamangidwa. Ife amene tinali pansi tinkamva zimenezo tikuchapa magolovesi. Pampando wowerenga odwala pakakhala munthu wosadziwa, lipoti la anthu atatu otsegula m'mimba m'mudzi umodzi limagona mu kabati sabata yathunthu, ndipo pofika kwa oyenera kulimva, atatu aja asanduka makumi atatu. Ntchito imeneyi ilibe yunifolomu ndipo anthu samaiona, koma ndi imene imasiyanitsa mudzi umodzi wodwala ndi dera lonse lodwala.

Apa ndiye pali chimene ndikufuna kuti mugwire kwambiri. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje mliri sutidzidzimutsa ngati mphezi. Madzi anatisefukira mu January 2015 kolera n'kutsatira. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana mu January 2022, wa Gombe mu March chaka chomwecho, ndipo kolera imene inayamba nthawi imeneyo inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno isanazilale. Namondwe wa Freddy anatipezanso mu March 2023. Timadziwa miyezi yake. Timadziwa kuti msewu wa ku East Bank umaduka, kuti ku Makhanga kumasanduka chilumba, kuti abale athu a ku Mozambique amawoloka kudzera ku Marka ndi m'madoko a mtsinje kudzafuna chithandizo. Choncho anthu odzagwira ntchito pa mliri ayenera kufunidwa ndi kuyesedwa m'chilimwe, kunja kuli bata. Boma lililonse liyenera kukhala ndi kaundula wa anamwino, madokotala aang'ono, oyeza magazi ndi alangizi ophunzira amene ali pakhomo, ziphaso zawo zitaonedwa kale, manja awo atayesedwa kale, ndi nambala zawo za foni. Mliri ukabuka umangotsegula buku n'kuyamba kuimba. Wofuna kulowetsa mphwake sapezanso mpata, chifukwa mayina analembedwa poyera miyezi yapitayo.

Ndipo m'kaundulamo muyenera kuchuluka ana akonkuno. Izi sindikunena mwa tsankho. Ndaona antchito abwino kwambiri ochokera ku Dedza kapena ku Mzimba akufika ndi mtima wonse, koma kutentha, udzudzu ndi kusowa nyumba zikuwagonjetsa, pakutha pa chaka ayamba kale kulemba kalata yopempha kusamutsidwa. Mwana wobadwira ku Tengani kapena kwa Chapananga sathawa dzuwa, amadziwa doko loti awolokere madzi akadzaza, ndipo gogo akamafotokoza m'Chisena kapena m'Chimang'anja mmene m'mimba mukumupotera, amamva popanda womasulira. Nthawi ya katemera wa Covid-19, mphekesera zitadzaza m'midzi, anthu ankatambasulira mkono amene ankamudziwa makolo ake. Kumeneko ndi luso ndithu, ngakhale sililembedwa pa satifiketi.

Za mwana wanu. Asatumize ngakhale tambala. Ntchito ya boma siigulidwa, ndipo ambiri mwa oimba mafoni otere sali n'komwe ku ofesi iliyonse, amangotola manambala pa magulu a WhatsApp a omaliza sukulu n'kumapempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Asunge nambalayo ndi mauthenga onse, akanene kupolisi. Ngati woimbayo anadzitchula kuti ndi wa ofesi ya boma ndipo zikuoneka kuti ndi zoona, nkhaniyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi katangale ndi ziphuphu. Dziwaninso kuti wopereka chiphuphu naye amapalamula mlandu, choncho akanatumiza akanadziika yekha m'madzi. Pamene akudikira, aonetsetse kuti chiphaso chake cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi chikukonzedwanso chaka ndi chaka, chifukwa ntchito za changu zikatuluka oyamba kusiyidwa ndi amene chiphaso chawo chinatha. Akapereke kalata ndi mapepala ake ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo wa boma lanu, afunsenso ku zipatala za mishoni ndi ku mabungwe. Ngati pali mwayi wogwira ganyu ya masiku ochepa m'chipatala, aulandire ngakhale ndalama zake ndi zochepa. Manja a namwino amaiwala akakhalitsa pa tomato, ndipo kalata ya umboni yochokera kwa amene anamuona akugwira ntchito imalemera kuposa mawu ambiri pa tsiku la mayeso.

Nanga inu a komiti? Muli ndi mphamvu zoposa zimene mukuganiza, bola muzigwiritse ntchito mwaulemu ndiponso polemba. Pa msonkhano wanu wotsatira pemphani woyang'anira chipatala akuuzeni antchito onse amene alipo, udindo wa aliyense, ndi amene anamulemba. Si chipongwe kufunsa ngati anamwino ali ndi ziphaso za khonsolo yawo, komanso ngati madokotala aang'ono ndi oyeza magazi analembetsa ku Medical Council of Malawi. Munthu woona mtima sakwiya nalo funso limeneli. Onaninso ndandanda ya ogwira usiku: kodi watsopano akakhala pa ntchito, wakale woti aitanidwe walembedwa, ndipo amagona pafupi? Zonsezi zilowe mu maminitsi. Kenako tengani nkhani ya kaundula ija mupite nayo ku komiti ya chitukuko ya dera lanu (ADC) ndi kwa khansala wanu kuti ikafike ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo mvula isanayambe. Mukakanizidwa kuona mmene anthu anasankhidwira, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo mukhoza kupempha polemba kalata.

Pali zina zimene simuyenera kudikira nazo msonkhano. Wantchito akapezeka kuti alibe chiphaso koma akubaya anthu kapena kulemba mankhwala, akamafuna ndalama kwa odwala pa chipatala cha boma, akabwera ataledzera, kapena wodwala akamwalira kapena kulumala m'njira imene mukukayikira, lembani tsiku, ola ndi amene anaona, ndipo kaneneni kwa woyang'anira chipatala tsiku lomwelo. Zikapanda kuyenda, pitani kwa wolandira madandaulo a odwala amene amakhala pa chipatala chachikulu cha boma lanu, kapena kwa mkulu wa zaumoyo. Kukakanika kumeneko, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kalembedwe ka ntchito kokondera ndiponso a kusasamalidwa kwa odwala, ndipo simulipira kanthu. Makhonsolo a anamwino ndi madokotala aja nawonso ali ndi mphamvu yofufuza ndi kulanda chiphaso.

Chomaliza ndi cha usiku ngati uja, poti mvula ikubweranso. Mwana akatsegula m'mimba madzi okhaokha, yambani Thanzi kunyumba komweko, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo muzimumwetsa muli panjira. Maso akalowa, akaleka kukodza, akafooka mpaka kulephera kumwa, kapena khungu la pamimba likamabwerera mochedwa mukalitsina, musadikire kuti kuche. Mukafika kuchipatala ndipo diripi yakanika kawiri, muli ndi ufulu wonena mofatsa kuti, "Adokotala, tiitaneni anzanu atithandize," monga munachitira inu. Ndipo m'mawa mwake, ngati wachinyamata uja akadali pa chipatala chanu, mukamuone, mumufunse amene akumuphunzitsa, ndipo yankho lake mukalilembe mu maminitsi a komiti.